BANJA LA A CHIPEMBERE A KU MALINDI

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi, ndipo taisindikiza pano kuti amene sanathe kuimva aiwerenge okha.

Lero tikupita ku boma la Mangochi, kumene kale kunkatchedwa Fort Johnston, kuti tikambe mbiri ya banja limodzi la kumeneko. M'banja limeneli munatuluka wansembe, munatuluka nduna ya Boma, munatuluka mayi wa ku Nyumba ya Malamulo, ndiponso munatuluka woimba. Dzina lao ndi a Chipembere. Achinyamata ambiri amalidziwa dzinali chifukwa cha msewu waukulu wa mu Blantyre, koma akulu-akulu akukumbukira kuti panapita zaka pafupi-fupi 30 pamene munthu sankatha kulitchula poyera, ndipo wolitchula ankayamba wacheuka kaye. Tsono tiyeni tione m'mene dzina limeneli linakwerera, m'mene linabisikira, ndi njira imene linadzera pobwerera kwao.

Malindi ndi Mishoni

Munthu akaoloka mtsinje wa Shire pa boma la Mangochi, natsata msewu wolowera kumpoto, nyanja ili kumanzere ndipo mapiri ali kumanja, amafika pa Malindi. Dziko lonse lozungulira ndi la mafumu a Chiyao, monga a Mponda, a Makanjira ndi a Jalasi, ndipo anthu ochuluka ndi Asilamu. M'chaka cha 1891 Azungu anamanga linga pafupi ndi pamene Shire amatulukira m'nyanja, nalitcha Fort Johnston potengera dzina la Harry Johnston amene ankalamulira dziko lino. Amishoni a Mpingo wa Angilikani, otchedwa U.M.C.A., amene likulu lao linali pa chilumba cha Likoma, anakhazikanso malo ao pa Malindi. Anamangapo tchalitchi, sukulu, chipatala cha St Martin, ndi nyumba yokonzeramo zitsulo za sitima zao za panyanja. Imodzi mwa sitimazo inali Chauncy Maples, imene inayamba kuyenda m'chaka cha 1901.

Mishoni imeneyi inali ndi mwambo wophunzitsa ana a m'dziko momwemo kuti akhale aphunzitsi, ndipo mwa aphunzitsiwo inkasankha ena kuti akhale ansembe. Mmodzi wa iwo anali Bambo Habil Matthew Chipembere, amene anayamba ndi choko m'manja, kenaka anadzozedwa unsembe, nakwera kufikira anakhala mkulu woyang'anira ansembe anzao. Ntchito yao inkawasamutsa kuchoka pa mishoni ina kunka pa ina, koma kwao kweni-kweni kwa banja kunakhala ku Malindi.

Pa 5 Ogasiti 1930, ali ku Kayoyo m'dera la Ntchisi, kunyumba kwao kunabadwa mwana wamwamuna. Dzina lake la ubatizo linali Henry, koma mayi ake anamutcha Masauko, pakuti anasauka kwambiri ali ndi pakati pa iye. Dzina la chibwana lotere ambiri amalitaya akakula. Uyu analisunga, ndipo moyo wake wonse unadzagwirizana nalo.

Mnyamata wa Sukulu

Masauko anaphunzira m'sukulu za mishoni, napita ku Malosa, kenaka ku Blantyre Secondary School. Masiku amenewo m'Nyasaland monse munalibe sukulu yaukachenjede, kotero mwana wanzeru ankayenera kuoloka malire. Anapita ku Goromonzi ku Southern Rhodesia, kumene tsopano ndi ku Zimbabwe, ndipo pambuyo pake ku Fort Hare ku South Africa, sukulu imene anaphunzirako atsogoleri ambiri a mu Africa muno, monga a Nelson Mandela ndi a Orton Chirwa. Akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kumeneko anaona ndi maso ake m'mene munthu wakuda ankakhalira pansi pa ulamuliro wa Azungu okhazikika, ndipo anabwerera kwao ndi digiri pamodzi ndi mtima wosafuna kuti zotere zifike kuno.

Pobwerera anapeza Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba kale m'chaka cha 1953, ngakhale mafumu ndi anthu anachikana. Analowa ntchito ya Boma yothandiza Bwana D.C., nagwira ku Domasi, ku Fort Johnston kwao komwe, ndi ku Dedza. Inali ntchito ya malipiro abwino, yoti mwana wa wansembe akanatha kukalamba nayo mwaulemu. Koma m'chaka cha 1956, pamene Afirika anapatsidwa mipando isanu m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba, a Chipembere anaitula ntchitoyo naima nao pa chisankho. Anapambana ali ndi zaka 25 zokha. Anzao anali a Kanyama Chiume, a Ralph Chinyama, a N. D. Kwenje ndi a Dunstan Chijozi.

Kufikira nthawi imeneyo Nyumba ya Malamulo inali malo a phee, kumene Bwanamkubwa ankanena ndipo ena ankavomera. A Chipembere ndi a Chiume anayamba kufunsa mafunso olasa ndi kutsutsa Chitaganya mosabisa mau. Buku losindikizamo zokambidwa m'Nyumbamo, limene kale linkangodyedwa ndi njenjete m'maofesi, linayamba kugulidwa ndi aphunzitsi ndi akalaliki, ndipo wodziwa Chingerezi ankawerengera anzake ndi kuwamasulira.

Kuitana Dr Banda

Anyamata amenewa anali ndi moto, koma anazindikira kuti anthu a kumidzi ndi mafumu sakanatsata mwana wa dzulo-dzulo. Pankafunika munthu wa imvi ndi wamaphunziro, amene Azungu sakanamupeputsa. Tsono a Chipembere analemba makalata kwa Dr Hastings Kamuzu Banda, amene nthawi imeneyo ankagwira ntchito ya udokotala ku Kumasi m'dziko la Ghana, kuwapempha kuti abwere adzatsogolere chipani cha Nyasaland African Congress. Dr Banda anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40. Pa msonkhano wa ku Nkhata Bay mu Ogasiti chaka chomwecho anasankhidwa kukhala mtsogoleri, ndipo a Chipembere anakhala msungichuma wa chipani.

Omvera, gwirani mfundo imeneyi pakuti ndiyo msana wa nkhani yathu. A Chipembere ndi anzao ndiwo anayendayenda m'dziko lonse kukweza dzina la Dr Banda, kuuza anthu kuti mpulumutsi wafika. Ndiwonso anavomera kuti mtsogoleriyo apatsidwe mphamvu yosankha yekha akulu-akulu a chipani. Iwo ankaona ngati akusula mkondo wolasira Chitaganya, osadziwa kuti mkondo womwewo udzawatembenukira.

Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Anthu oposa 1,000 anamangidwa, ndipo ena pafupi-fupi 50 anaphedwa, ena mwa iwo ku Nkhata Bay. A Chipembere anatengedwa kunka ku ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, kumene anakhala pamodzi ndi Dr Banda ndi a Dunduzu Chisiza. Dr Banda anatulutsidwa pa 1 Epulo 1960, koma a Chipembere anasamutsidwira ku Kanjedza mu Limbe, natuluka mu Seputembala. Ufulu wao sunakhalitse ai. Lilime lao linali lakuthwa, ndipo kuchiyambi kwa 1961 khoti linawapeza olakwa pa mlandu wolankhula mau outsa anthu, niliwalamula kukhala m'ndende zaka zitatu.

Apa mpamene tikuonanso bambo ao aja. Chisankho chachikulu cha mu Ogasiti 1961 chinafika mwana ali m'ndende ya ku Zomba. Wansembe wachikulireyo anaima m'malo mwake, ndipo anthu a ku Fort Johnston anamusankha, nakakhala m'Nyumba ya Malamulo kusungira mwana wake mpando. Nthawi zambiri mwana ndiye amalowa m'malo mwa bambo, koma kuno bambo ndiwo analowa m'malo mwa mwana. A Masauko anatulutsidwa mu Januwale 1963, ndipo posakhalitsa anakhala Nduna yoona za maboma ang'ono-ang'ono, kenaka Nduna ya Maphunziro.

Kugawanika kwa 1964

Dziko linalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, koma isanathe miyezi iwiri nduna zinasemphana ndi Dr Banda. Zifukwa zake zinali zingapo. Nduna zinkadandaula kuti Afirika akuchedwa kupatsidwa maudindo m'Boma ndi kuti malipiro ao afinyidwa. Zinkakana ubwenzi ndi Apwitikizi amene ankalamulirabe Mozambique. Zinkakananso lamulo loti wodwala azilipira tiki pa chipatala cha Boma. Koma chachikulu chinali chakuti Dr Banda ankagamula zinthu okha, ndi kumatchula nduna zao pagulu ngati anyamata ao.

Pa 7 Seputembala a Chiume, a Orton Chirwa, a Augustine Bwanausi ndi Mayi Rose Chibambo anachotsedwa pa maudindo ao, ndipo a Yatuta Chisiza ndi a Willie Chokani anatula pansi okha. A Chipembere anali ku Canada ku msonkhano wa zamaphunziro. Akanatha kukhala chete nasunga unduna wao, pakuti iwo sanachotsedwe. Koma atafika anatula udindo, nakakhala pamodzi ndi anzao, nalankhula m'Nyumba ya Malamulo pa 9 Seputembala kuwaikira kumbuyo. Anzao ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Tanzania, koma iwo anabwerera ku Malindi. Boma linawalamula kuti asayende kupitirira mamailosi anai kuchokera pakhomo pao, ndipo kumapeto kwa Okutobala anazemba nalowa m'mapiri a kum'mawa kwa nyanja, kumene anthu a m'midzi ankawabisa ndi kuwapatsa chakudya.

Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 anatsika m'mapirimo ndi anthu ngati 200, nalanda boma la Fort Johnston, natenga mfuti za apolisi ndi magalimoto. Usiku womwewo mkazi wa wapolisi wina ndi mwana wake anaphedwa, anthu amene analibe mlandu ndi munthu ali yense. Gululo linalunjika ku Zomba, kumene kunali likulu la dziko. Koma nthawi imeneyo pa Liwonde panalibe mlatho, magalimoto ankaoloka Shire pa chombo, ndipo atafika anapeza chombocho chili tsidya lina. Asilikali a Boma anafika, gulu lija linabalalika, ndipo nkhondo yonse inathera pa gombe pomwepo.

Zotsatira zake zinagwera anthu wamba. Midzi yoganiziridwa kuti inkadyetsa a Chipembere inatenthedwa, ndipo amuna ndi akazi ambiri anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Mmodzi wa otsogolera gululo, a Medson Silombela, anagwidwa, nanyongedwa ku ndende ya Zomba kuchiyambi kwa 1966 pamaso pa anthu oitanidwa. Ngakhale patapita zaka, anthu a m'mudzi wa Moto anasonkhanitsidwa mazana-mazana natengedwa kunka kundende, mudzi wao nuphwasulidwa. Kwa nthawi yaitali munthu wochokera ku Malindi ankayang'anidwa ndi diso lokayika. Tikamakamba za banja lotchuka, tisaiwale mabanja enawa, amene maina ao sanalembedwe pa msewu uli wonse.

Ku Ukapolo wa Kunja

A Chipembere anali ndi nthenda ya shuga, ndipo moyo wa m'tchire unawafooketsa. Mu Epulo 1965 anatulutsidwa m'dziko mwakachetechete, nakafika ku California m'dziko la America, kumene anapitiriza maphunziro a mbiri yakale. M'chaka cha 1966 anapita ku Dar es Salaam, naphunzitsa pa Kivukoni College, nayesa kusonkhanitsa Amalawi othawa kwao. Mu 1969 anabwerera ku Los Angeles nakhala mphunzitsi pa California State University. Kumeneko anayamba kulemba mbiri ya moyo wao, koma sanaitsirize. Anamwalira pa 24 Seputembala 1975 ali ndi zaka 45, osaionanso nyanja ya kwao. Zolembazo zinasungidwa, ndipo Robert Rotberg anazikonza nizisindikizidwa kukhala buku lotchedwa Hero of the Nation, patapita zaka zoposa 25 mwini wake atamwalira.

Mayi Catherine Chipembere

Tsopano titembenukire kwa munthu amene mabuku a mbiri amamudutsa msanga. Mayi Catherine Ajizinga Chipembere anakwatiwa ndi mnyamata wa digiri, koma zaka zambiri za ukwati wao mwamuna anali m'ndende, m'tchire kapena kunja. Iwonso anathawa m'dziko lino, natsata amuna ao ku Tanzania ndi ku America. Pamene anaferedwa anatsala ndi ana asanu ndi awiri m'dziko la eni, kopanda mlamu kapena malume woti athandize, ndipo kwao kunali kosabwererako. Anawalera anawo ndi manja ao, akugwira ntchito yosamala ana ang'ono a anthu ena.

Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavota kuti m'dziko mukhale zipani zambiri. Mayi Chipembere akanatha kukhala ku America ndi ana ao ndi zidzukulu, koma akulu anati kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka. Anabwerera, naima pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994, ndipo anthu a ku Mangochi anawasankha. Motero banja limodzi linatumiza anthu atatu ku Nyumba ya Malamulo: mwana, bambo wake, ndi mkazi wake. Mayiwo anakhalanso wachiwiri kwa Nduna ya Maphunziro, unduna womwe amuna ao anautula zaka 30 zapitazo, ndipo zinali m'chaka chimene ana a pulaimale anayamba kuphunzira osalipira. Atachoka m'ndale anayambitsa bungwe la amayi lotchedwa Women's Initiative Network, limene linatsegula sukulu za mkaka m'midzi ya ku Mangochi, kuthandiza ana amasiye ndi amayi owalera.

M'zaka zomwezo msewu waukulu wa pakati pa Blantyre ndi Limbe, umene unkatchedwa Kamuzu Highway, unasinthidwa dzina nukhala Masauko Chipembere Highway. Msewuwo umadutsa pafupi ndi Kanjedza, kumene mwini dzinalo anatsekeredwa m'chaka cha 1960.

Mwana Woimba

M'chaka cha 1970 ku Los Angeles kunabadwa mwana wamwamuna amene anapatsidwa dzina la bambo ake, Masauko. Bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu. Anakula akulankhula Chingerezi cha ku America, akumva za Malawi m'kamwa mwa mayi ake ndi abale ake okha, monga m'mene mwana amamvera nthano. Sanatenge ndale kapena unsembe, koma anatenga gitala.

Khomo la kwao litatseguka anabwera ku Africa. Ku Yeoville mu Johannesburg anakumana ndi Neo Muyanga, woimba wa ku Soweto, ndipo awiriwo anayamba kuimba pamodzi pa dzina loti Blk Sonshine. Nthawi imeneyo nyimbo zambiri za achinyamata a kumeneko zinkapangidwa ndi makina, koma iwo anadza ndi magitala opanda magetsi ndi mau awiri olukana. Nyimbo yao yotchedwa Born in a Taxi inamveka kwambiri pa mawailesi a ku South Africa, ndipo m'chaka cha 2009 anatulutsa chimbale china chotchedwa Good Life. Mu 2019 Masauko anatulutsa chimbale chake-chake, chimene anachitcha ndi dzina lake lomwe, Masauko, ndipo anaimba pamodzi ndi oimba a ku Malawi.

Taonani tsono m'mene zinthu zimayendera. Dzina limene mayi wina anapatsa khanda lake ku Kayoyo chifukwa cha zowawa, dzina limene kwa zaka 30 silinkamveka pa wailesi ya dziko lino pokhapokha pofuna kulinyoza, linadzalembedwa pa chikuto cha nyimbo. Agogo ake ankaima pa guwa, bambo ake ankaima pa nsanja ya msonkhano, ndipo iye anaima pamaso pa anthu ndi gitala. Onse atatu chida chao chinali mau.

Chimene Tikuphunzirapo

Anthu sagwirizana pa za a Henry Masauko Chipembere, ndipo n'kosayenera kuti tiwakakamize. Ena amati anali ngwazi imene inakana kugwada, yoyamba kuona kuti ufulu wa dziko suthandiza ngati munthu saloledwa kutsutsa mtsogoleri. Ena amakumbukira kuti mau ao aukali ankaopseza aja osagwirizana ndi chipani, kuti iwo omwe anathandiza kumanga mphamvu imene inadzawathamangitsa, ndi kuti ulendo wa pa 12 Febuluwale unadzetsa maliro ndi misozi m'midzi ya kwao. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo mbiri yonena mbali imodzi yokha ndi yopunduka.

Koma chimodzi chikuoneka poyera. Boma likhoza kuletsa dzina, likhoza kutentha mudzi ndi kutseka malire, koma silitha kulowa m'nyumba kukaletsa mayi kuuza ana ake kumene anachokera. Dzina la a Chipembere silinabwerere kwao ndi mfuti, pakuti mfuti zinalephera pa Liwonde. Linabwerera ndi mayi wamasiye amene anasunga ana asanu ndi awiri, ndi mapepala amene anasungidwa m'bokosi, ndi mwana amene anaphunzira kuimba.

Inu a ku Malindi, a kwa Makanjira, a ku Namwera ndi a pa boma, m'midzi mwanu mukali okalamba amene anaona zimenezi ndi maso ao. Ena anaphikira anthu a m'mapiri, ena anali apolisi, ena anagona m'ndende osadziwa mlandu wao. Khalani nao pansi madzulo ano, muwafunse, ndipo ana a sukulu alembe zimene anene, pakuti mawa sadzakhalapo woti afunsidwe.